Wenzulo Kumbuyo kwa Keith

1. Pamjigo

Mphepo ya mu Julayi inadzuka m'mamawa Lolemba limenelo. Inali yozizira ndi youma, ikuulutsa makoko a chimanga m'minda yokololedwa ya ku Engutwini. Dzuwa linatuluka, koma silinafunditse munthu.

Bestone Thole, mnyamata wa Fomu 3, ankathamangira kusukulu manja ali m'khwapa. Podutsa pamjigo anamva mawu.

"Alamu, taimani pang'ono."

Anali Felesta, mkazi wa mkulu wake Feston amene ankagwira ntchito ku Joni. Felesta kwawo kunali ku Kasungu. Anakwatiwa pamudzipo zaka zinayi zapitazo, ndipo Chitumbuka ankachimva koma chinkamuterera palilime.

"Ndachedwa, alamu," anatero Bestone.

"Ingoyang'anani basi."

Felesta anamasula mwana wake Keith kumsana. Anamukhazika pansi atawafulatira, n'kumupatsa chitsononkho choti aziseweretsa. Mwanayo anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi, koma anali asanatchule liwu ngakhale limodzi.

"Keith! Keith iwe!" anaitana mayiyo.

Kenaka anamenya ndowa yopanda madzi ndi kapu yachitsulo. Njiwa zinauluka mumtengo. Keith anapitiriza kukanda pansi ndi chitsononkho chake.

"Mwaona?"

"Koma adada akamavina, mwanayu amatembenuka," anatero Bestone. "Mudzi wonse umadziwa."

"N'zimene zikundisokoneza. Inu mumaphunzira za thupi la munthu. Mukandifunsireko kwa aphunzitsi anu." Felesta anayang'ana uku ndi uku asanapitirize. "Kusikelo andiuza kuti Lachinayi kukubwera akatswiri a makutu kuchipatala ku Mzimba. Ndikufuna ndipite mwakachetechete, ndikabwere ndi pepala lawo. Pamudzi pano pakamwa panga sipamveka, koma pepala la achipatala adzalimvera. Ankhazi anu, mlongo wawo wa bambo anu, akangodziwa ndisanapite, adzati vuto lachokera kwathu. Izi ndauza inu nokha, alamu."

"Musadandaule," anatero Bestone. "Sindiuza munthu."

2. Titsitsi ta m'khutu

Ana ena ataweruka, Bestone anatsalira m'kalasi. Mayi Chisi, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, anamvetsera nkhani yonse osamudula. Atatha anatenga choko n'kujambula pabolodi.

"M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono," anayamba motero. "M'menemo muli madzi, ndipo muli maselo zikwizikwi ondanda m'mizere. Selo lililonse lili ndi titsitsi pamutu pake. Si tsitsi ngati lakoli, ayi. Katsitsi kalikonse ndi mtolo wa timaulusi totchedwa akitini. Bango limodzi silichedwa kupindika, koma ukamanga mabango ambiri pamodzi mtolowo umaima chilili. Akitini amachita chimodzimodzi.

"Mwana akadali m'mimba, titsitsi timeneti timayamba tili tatifupi ndi tofanana, ngati chimanga chongomera kumene. Kenaka timaulusi tija timawonjezeka. Mzere wina umatalika kwambiri, wina pang'ono, wina umatsala waufupi, mpaka timaima monga mmene mumafolera pa asembule, afupiafupi kutsogolo, ataliatali kumbuyo. Kutsinde kwake katsitsi kamawonda ngati nsonga ya pensulo kuti kazitha kuwerama. Mawu akalowa m'khutu, madzi aja amagwedezeka, titsitsi timawerama pamodzi, selo n'kutumiza uthenga kuubongo. Kumva n'kumeneko."

"Nanga akitiniyo akapanda kumangika bwino?"

"Titsitsi timakhala tofupika, kapena togwera uku ndi uku ngati mpanda wa chaka chatha. Mawu amafika, koma palibe chowalandira. Ndipo mwa munthu titsitsi timeneti tikawonongeka sitimeranso."

"Ndiye n'zimene zachitika kwa Keith," anatero Bestone, maso akuwala.

"Sindinanene choncho. Mwanayo sindinamuone, ndipo ine si dokotala. Zifukwa zilipo zambiri: matenda, mankhwala ena amphamvu, kubadwa movutikira. Ngakhale zitakhala zachibadwa, malangizo omangira titsitsiti mwana amawatenga kwa bambo ndi mayi omwe. Kawirikawiri onse awiri amamva bwinobwino, sadziwa n'komwe chimene anyamula."

"Koma adada akamavina ingoma amatembenuka."

"Amaponda pansi amuna angati nthawi imodzi?"

"Amakwana makumi awiri."

"Ika dzanja padesikipo."

Mayi Chisi anamenya desikiyo ndi chibakera. Bestone anadzidzimuka.

"Kupatula m'khutu, wamva ndi chiyani?"

"Ndi dzanja, madamu."

"Mwana wa mkulu wako akumva nthaka ikunjenjemera kumapazi ake."

Bestone anaseka mokondwa ngati wapambana mayeso. Mayi Chisi sanaseke. Anapukuta choko m'manja n'kukhala pansi.

"Tsopano mvera, Thole. Ndakuona nkhope yako, ndipo ndikuidziwa. Ndi nkhope ya mwana wasukulu amene wadziwa chinthu chimene akuluakulu akwawo sachidziwa. Chikukuyabwa kale pakamwa. Ine ndaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndaona ana abwino akuwononga zinthu kwawo ndi mfundo zoona. Nkhani imeneyi si yako. Ndi ya mayi amene wakhala miyezi akuitana mwana wake kumbuyo, yekhayekha. Iye wasankha tsiku lake ndi njira yake. Ntchito yako ndi kum'fotokozera zimene ndakuuzazi, iye yekha, kenaka kum'perekeza Lachinayi. Ndidzakulembera chilolezo. Mwana akaonedwa msanga amathandizidwa msanga, kaya ndi kachipangizo ka m'khutu, kaya ndi chinenero cha manja. Zaka zimene alizi n'zimene ubongo umatola chilankhulo, ndipo sizidikira munthu. Masiku atatu okha, Thole. Umeze malovu."

"Ndamva, madamu. Yewo chomene."

Madzulo omwewo Bestone anafotokozera mlamu wake zonse kuseri kwa nkhokwe. Felesta anam'pempha kuti abwereze kawiri mawu akuti bambo ndi mayi omwe.

3. Pabwalo

Lachiwiri masana amuna anasonkhana pabwalo kukonzekera ingoma, chifukwa mwambo wa Angoni wa kuphiri la Hora unali pafupi. Wotsogolera anali bambo ake a Bestone, a Thole, munthu wosalankhulalankhula amene akazi awo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Woitanira anthu ndi wenzulo anali Zondwayo, msuweni wa Bestone. Iyeyu ndiye ankajambulanso kuvinako pafoni n'kutumizira anyamata a pamudzipo amene ali ku Joni.

Amayi anayamba kuwomba m'manja. Amuna anakweza zishango, n'kuponda pansi onse pamodzi. Fumbi linadzuka.

Keith, amene ankasewera pambali atafulatira, anatembenuka nthawi yomweyo. Anaseka, anadzandira kulowa pabwalo, n'kuyamba kuponda pansi ndi kamwendo kake pafupi ndi agogo ake.

"Hee, Mngoni weniweni!" anafuula wina.

"Wakupulika! Akumva mwana uyu!" anatero ankhazi a Bestone, a Iness, mlongo wawo wa a Thole. Analankhula mokweza kuti Felesta, amene anakhala kumapeto kwa mzere wa amayi, amve. "Nyimbo zakwawo amazimva. Chomulepheretsa kulankhula n'chakuti pakhomo akumudyetsa zilankhulo ziwiri. Lilime lasowa kolowera."

Amayi ena anaseka. Felesta anayang'ana pansi.

"Si nyimbo imene akumva," anatero Bestone chapansipansi. "Ndi nthaka."

Zondwayo anali pafupi, ndipo anamva.

"Imani, imani! Adokotala a Fomu 3 alankhula!" Analiza wenzulo, amuna n'kuleka kuvina. "Bwerezani, adokotala. Akuti mwana akumva chiyani?"

"Palibe."

"Akuti akumva dothi! Amama ine! Kusukulu akuwaphunzitsa kuti makutu ali kuphazi. N'chifukwa chake iwowa ingoma inawakana, mapazi awo ndi ogontha."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Zinali zoona kuti Bestone sankatha kuvina. Chaka chapitacho anamutulutsa pamzere chifukwa ankaponda anzake atakweza kale mwendo.

"Bestone," anatero a Thole. Liwu limodzi lokha, koma linali lolemera.

Bestone sanawayang'ane.

"Mukufuna muone?" anafunsa.

"Alamu," anaitana Felesta chapansipansi.

Pambali pa bwalo panali ngolo yodzaza matumba a makoko. Bestone ananyamula Keith, n'kumukhazika pamwamba pa matumbawo, kutali ndi nthaka, atafulatira anthu. Anam'patsa chipewa chake kuti aziseweretsa.

"Pondani tsopano," anatero.

Anyamata asanu anaponda pansi mwamphamvu akuseka. Keith sanatembenuke.

"Pondaninso."

Anapondanso. Chiseko chinayamba kuchepa.

Bestone anatsomphola wenzulo m'khosi mwa Zondwayo. Anaima kumbuyo kwa ngolo n'kuuliza ndi mpweya wake wonse. Agalu anauwa. Khanda la mayi wina linalira. Keith anavala chipewa chija, chinam'phimba maso, anachivula, n'kuseka yekha.

Pabwalo panati zii. Zondwayo anali akadakweza foni yake m'mwamba.

"Mwaona?" anatero Bestone, akupuma mofulumira. "M'khutu muli titsitsi tomangidwa ndi akitini. Tikapanda kukula bwino mwana ali m'mimba..."

"Ali m'mimba?" anamudula a Iness. "M'mimba mwa yani?"

"Ayi, ankhazi, sindikutanthauza choncho. Zimachokera kwa bambo ndi..."

"Kwa Thole kulibe wosamva. Kuyambira agogo athu, kulibe. Wanena wekha, mwana wasukulu. Zachitikira m'mimba."

Maso onse anatembenukira kwa Felesta. Iye anadzuka, anapita pangolo, anatsitsa mwana wake n'kumubereka. Anadutsa pafupi ndi Bestone osamuyang'ana.

A Thole anaika chishango pansi n'kulowera kukhola. Tsiku limenelo ingoma inathera pomwepo.

4. Panjira

Lachitatu Bestone anapita kusukulu osadutsa pamjigo. Tsiku lonse anazemba Mayi Chisi.

Pobwerera masana anakumana ndi Felesta panjira ya ku Jenda, kokwerera minibasi. Anali atasenza chikwama. Kumsana kwake kunalibe mwana.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Kwathu."

"Nanga Keith?"

"Ankhazi anu akuti mwana ndi wa kwa Thole. Ng'ombe za lobola zinapita kwathu, ndiye mwana satuluka pamudzi."

Felesta anatulutsa foni n'kuyatsa uthenga wa mawu. Anali mawu a Feston, olankhula mothamanga, kumbuyo kukumveka phokoso la magalimoto. Ankati waona kanemayo pamodzi ndi anzake onse a pamudzi. Ankati iye wakhala akugona m'chipinda chimodzi ndi amuna asanu ndi mmodzi kuti banja lake lidye, koma mkazi wake wamubisira nkhani ya mwana wake mpaka waionera pafoni ya munthu wina. Ankati Felesta apite kwawo kufikira iye atabwera pa Khirisimasi.

"Ndimuimbira," anatero Bestone. "Ndimufotokozera zonse."

"Mwafotokoza kale dzulo."

"Ndimafuna kuti aleke kukunenani za chilankhulo."

"Ayi, alamu. Musandinamize, ndatopa. Anakusekani za kuvina." Felesta anakonza chikwama pamutu. "Ine akhala akundiseka zaka zinayi. Ndinakupemphani masiku atatu."



"Akafuna madzi amagwira pakhosi," anatero Felesta. "Akafuna kutoyileti amakoka malaya. Mukamamuyandikira muzidzera kutsogolo, amadzidzimuka. Mukawauze ankhazi anu. Ine ndawauza koma sanandimvere."

Anapitiriza ulendo wake. Bestone anaima panjirapo mpaka chikwama chija chinabisika kuseri kwa mitengo.

5. Kukhola

Asanafike pakhomo anamva kulira kwa Keith. Mwanayo ankazungulira nyumba ya mayi ake, akukankha chitseko chotseka. A Iness ankamutsata ndi mbale ya phala, akumuitana ndi kumukalipira kumbuyo.

"Mudzereni kutsogolo, ankhazi," anatero Bestone.

"Iwe wandiphunzitsa zokwanira."

A Thole anali kukhola. Anali atangobwera kumene kudambo ndi ng'ombe, ndipo ankamanga mtengo wa mpanda umene unagwa. Sanatembenuke.

"Gwira apa," anatero.

Bestone anagwira mtengowo. Bambo ake anaumanga ndi luzi pang'onopang'ono. Atamaliza anakhala pa chitsa. Tsiku limenelo analankhula mawu ambiri kuposa a chaka chonse.

"Ukuganiza kuti sindinkadziwa? Mwezi wa Febuluwale nkhunzi iyi inathyola mpanda. Keith anali apo, patsogolo pake. Ndinakuwa mpaka mawu anandithera. Sanatembenuke. Ndinam'tola ndi dzanja limodzi nkhunzi ili pafupi ngati pamene wayimapo. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa.

"Ndinaonanso kuti ndikaponda pansi amabwera. Ndiye ndinkaponda. M'mawa uliwonse ndinkaponda pakhomo pake, iye n'kutuluka. Anthu akamati akumva, ndinkawasiya. Ndinkati bola atero, mkamwana wanga Felesta apume, mpaka Feston abwere tikhale pansi ngati anthu.

"Ukudziwa mwambo wathu. Mkazi wa mwana wanga sindikhala naye pamphasa imodzi. Akandiona panjira amapatuka. Akabweretsa chakudya amagwada patali, n'kutuma mwana. Ndikanayamba bwanji kum'funsa za khutu la mwana wake? Iye akanayamba bwanji? Zinthu zotere zinkadzera mwa amayi ako. Iwo akanapita naye kudimba, akanabwerako atamvana. Amayi ako kulibe. Mlongo wanga ndimam'dziwa pakamwa pake. Ndiye tinakhala pamudzi umodzi, ine ndikudziwa, iye akudziwa, tikupatukirana panjira miyezi isanu. Pamenepo ndinalakwa ndine. Mwana wachedwa chifukwa cha ine.

"Koma iwe unali ndi chimene ine ndinalibe. Mlamu amalankhula ndi mlamu wake. Anakukhulupirira. Ukanabwera kuno kukhola n'kunena kuti, adada, pali nkhani, bwenzi lero tili pena. Iwe unaitengera pabwalo. Unam'kweza mwana wa mkulu wako pangolo ngati mbuzi ya pamsika, kuti Zondwayo aleke kuseka. Zimene unanena n'zoona, sindikukana. Nkhwangwa yakuthwa ndi yabwino, koma sitiiponya pakati pa anthu."

Keith anali akulirabe, mawu atayamba kusasa.

"Mukanawaletsa kupita, adada," anatero Bestone.

"Ndinali kudambo. Ndikanakhalapo ndikanatani? Kum'gwira mkono mkamwana wanga?"



"Mawa kukubwera akatswiri a makutu ku Mzimba. Tsiku limodzi lokha. Alamu amafuna apite ndi Keith mwakachetechete, akabwere ndi pepala."

A Thole anatembenuka n'kumuyang'ana kwa nthawi yoyamba kuyambira dzulo lake.

"Mawa?"

"Mawa."

"Unkadziwa zimenezi uli pabwalo paja?"

"Ee, adada."



"Mwana ndingathe kum'nyamula ndekha," anatero. "Koma akandifunsa kuti anabadwa bwanji, anadwalapo chiyani, anamwa mankhwala anji, ndidzayankha chiyani? Iwe udzayankha chiyani, ndi akitini wakoyo?"

"Amene akudziwa ndi mayi ake."

"Mbwenu, n'zomwezo."

"Koma Feston wanena kuti apite kwawo."

"Feston ali ku Joni. Mudzi uno ndi wanga."

"Nanga akakana kubwerera? Sakufuna n'kundiona komwe."

A Thole anadzuka, anatola luzi lotsala n'kuyamba kulikulunga padzanja. Anayang'ana dzuwa, limene linali litapendeka.

"Minibasi ya ku Kasungu sinyamuka isanadzaze," anatero. "Tayala lakumbuyo lachepa mpweya."

Bestone analowa m'nyumba osavula yunifolomu. Anatulutsa njinga ya bambo ake, anapopa tayala lakumbuyo, n'kuyamba kupalasa kulowera ku Jenda.